Masekondi Khumi ndi Anayi

Zomwe Aurelio anasiya ndi izi basi:
jekete la kudoko lonunkha dizilo,
ngongole kwa wogulitsa buledi,
ndi uthenga wa mawu pa foni yanga,
masekondi khumi ndi anayi,
wondiuza kuti ndisaiwale kugula mandimu.

Ndinafuna mawuwo atuluke m'foni,
akakhale m'kabokosi ka paini pa shelefu,
batani limodzi, amayi akadina azimumva.
Kachipu kochepa ngati chikhadabo,
ampulifaya ya mapeso ochepa,
sipika yozula mu wailesi yakufa.
Ndinadina.
Mchimwene wanga analankhula ali pakati pa udzudzu.

Nswiii, kachipu kakamaganiza.
Tsi, tsi, kagetsi kofiira kakaphethira.
Ndipo pansi pa zonsezo, kung'ung'uza konenepa
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Masabata atatu nkhungu ikukwera mapiri a Valparaíso,
ine ndikufwanthula mawaya ngati wosaka nsabwe.

Mayi Olimpia a m'chipinda chapansi,
amene anakonza mawailesi a kanema a Cerro Barón yense
kwa zaka makumi atatu,
anakwera masitepe ali wefuwefu,
navala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena.
"Ximena, onsewa wawapatsa chikho chimodzi.
Kachipuka kamameza magetsi modukizadukiza,
kakameza iko, ampulifaya imatsamwa.
Ika kapasita apa. Ayi, osati uko,
pa mwendo penipeni, zikhudzane.
Mankhwala opaka kutali ndi bala n'zodzola chabe."

Anandidulitsa mawaya aataliwo.
Waya wautali ndi khutu, anatero,
amatola miseche yonse ya m'nyumba.
Otsalawo tinawapota awiriawiri.
Njira zobwerera za magetsi, zomwe ndinazilunzanitsa ngati unyolo,
tinazimasula, iliyonse iyende payokha
kukakumana pa dontho limodzi la mtovu,
kanyenyezi kakang'ono pakona pa bolodi.
Tchaja ya pamsika ija anaiponya m'bini osandifunsa.
Batire. Lesisita imodzi, kapasita ina,
kasefa kotchinga kulira kwa pamwamba.
Utsi wa mtovu unandiluma m'maso,
kapena ndinkangonamizira utsi.

Udzudzu unafa Lachinayi.
Tsi, tsi uja anatha Loweruka.
Koma kung'ung'uza kwapansi kuja
sikunasunthe n'pang'ono pomwe. Ine kakasi.

Ndinaika bolodi m'chitini cha mabisiketi,
ndinathimitsa magetsi a nyumba yonse,
tinakhala mumdima ndi batire lokha,
zombo zikuthwanima kudoko kumunsiko.
Ndinadina. Kuli pompo.

"Dinanso," anatero, khutu atagunditsa pa sipika.
"Tsopano leka."
Zii.
"Wamva? Iye akakhala chete, nakonso kuli chete.
Si kwa m'mawaya ako uku, mwanawe.
Anabwera nako yekha."

Pamenepo ndinaizindikira.
Firiji yakale ya m'khitchini mwake,
ija ya chitseko chomanga ndi mphira wa njinga,
yomwe tinagulitsa mu Epulo kwa wogula zitsulo.
Anali ataima pambali pake,
mwina chitseko chili chotsegula,
akusuzumira, napeza mandimu mulibe.

"Tingathe kukusefa," anatero Mayi Olimpia. "N'kosavuta."
Magetsi atayaka,
chowotcherera sindinachilumikizenso.

Lamlungu amayi anadina batani kasanu,
milomo ikutsatira mawu osatulutsa liwu.
Kachisanu ndi chimodzi anapendeketsa mutu
ngati akumvetsera china kuseri kwa mwana wawo.
"Firiji ija," anatero.
"Ndinamuuza kangati kuti aisinthe?"

Kenako anapisa m'thumba la juzi,
nandituma mandimu.